Zikalata za eni minda sizokwanira pofotokoza mbiri ya ukapolo

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi maganizo amene anatuluka m'nyuzipepala yanu, akuti zikalata zakale za eni minda ya nzimbe n'zokwanira kufotokoza mbiri ya ukapolo. Zikalatazi n'zofunika ndithu, koma amene anazilemba ndi omwewo ankadyera masuku pamutu akapolowo, ndipo cholinga chawo chinali kuwerengera chuma.

Pophunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndimaonetsa ophunzira ndandanda za katundu wa m'minda ya ku Jamaica, m'mene munthu analembedwa dzina limodzi lokha, ntchito yake ndi mtengo wake, nthawi zina pafupi ndi ng'ombe ndi abulu. Ophunzira amadziwa kuti munthuyo ankamuyesa wa ndalama zingati, koma za chilankhulo chake, abale ake, kapena mmene ankakanira nkhanza, pepalalo limangoti zii. Ngakhale mbiri ya chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni, chimene boma la Britain linavomereza mu lamulo la 1833 lothetsa ukapolo, inasungidwa mosamala chifukwa ndalamazo zinkapita kwa eni akapolo, osati kwa ozunzidwawo.

Nkhaniyi ikutikhudza, popeza ambiri amene anawaolotsa nyanja ku Nkhotakota n'kuwayendetsa mpaka ku Kilwa ndi Zanzibar sanalembedwe paliponse, ndipo ku Mauritius ambiri ochokera kumtunda kuno ankangowalemba kuti "Mozambique".

Ndikupempha mayunivesite athu kuti, mogwirizana ndi malo osungirako zikalata za boma ku Zomba, apeze makope a zolembedwa zimenezi, ndiponso ajambule mawu a akuluakulu a ku Nkhotakota ndi ku Karonga amene akusungabe zimene makolo awo anawasimbira, kuti wophunzira aziwerenga mbali zonse ziwiri.

Mphunzitsi wa mbiri yakale,
Salima