Usanamate dzina lako pa botolo

Mwana wanga,

Landira moni kuchokera kuno ku Mangochi. Tili bwino, kungoti dzuwa lafika poopsa. Abambo ako akupereka moni kwa iwe ndi kwa apongozi athu.

Ndamva zija unanena pafoni, zoti ndizikutumizira masamba a chammwamba ndi a nimu pamodzi ndi makungwa amene mnzako uja wakulembera, kuti uzipera n'kumagulitsa m'mabotolo ku Lilongwe. Sindinafune kukuyankha pomwepo chifukwa mtima wako unali utathamanga kale. Ndiye ndati ndilembe, uwerenge utakhala pansi.

Geni sindikukuletsa, ndipo zitsamba sindizinyoza. LA amene timamwa tikadwala malungoyu gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou amene anatsogolera ntchito yopeza mphamvu yake analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini naye anachokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. Koma kuti tsamba lisanduke piritsi panapita zaka anthu akuyeza: chimene chikuchiza m'tsambamo n'chiyani, chikufunika chochuluka bwanji kwa mwana ndi kwa wamkulu, chikapitirira chimawononga chiyani. Mpaka lero bungwe la WHO sililimbikitsa kuti munthu achize malungo ndi tiyi wa masamba omwewo, chifukwa mphamvu yake imasiyana munda ndi munda, ndipo ikachepa tizilombo tina timatsala n'kuyamba kuzolowera mankhwala.

Mawu ako akuti "ndi zachilengedwe, sizingapweteke munthu" ndi amene andisowetsa tulo. Wakulira kunyanja iwe, chinangwa chowawa ukuchidziwa. N'chachilengedwe, koma palibe mayi amene angachikumbe n'kupatsa mwana chisanaviikidwe masiku angapo ndi kuyanikidwa. Makolo athu poizoni wake anamudziwa ataona maliro. Makungwa a mnzakowo poizoni wake akudziwa ndani?

Choyamba chimene oyeza amafuna kudziwa ndi chakuti chomeracho n'chimene chikunenedwacho kapena ayi. Ungaone ngati nkhani yaing'ono, koma khungwa likauma n'kuperedwa, ngakhale sing'anga wodziwa sangalisiyanitse ndi linzake. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi. Mmalo mwa muzu umene unayenera kukhalamo munalowa wa Aristolochia. Ambiri anafika podalira makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina, ena pambuyo pake anapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko n'ku Ulaya, ndipo mankhwalawo ankawapereka ndi madokotala. Nanga iwe amene ukalandira thumba la makungwa pa depoti, lopanda ngakhale dzina?

Kenaka pali zimene zimalowa tsamba litathyoledwa kale. Masamba oyanikidwa pansi pamene pamadutsa nkhuku ndi mbuzi amatola tizilombo totsegula m'mimba. Osauma bwino amachita chuku, ndipo chuku china, ngati chija cha mtedza ndi chimanga, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amadya chiwindi pang'onopang'ono ndipo safa ndi kuwiritsa. Zomera za m'mbali mwa msewu ndi pafupi ndi kudzala zimatha kukhala ndi mtovu. Zonsezi diso silingaone, mphuno singamve. Zimaoneka ku labotale basi.

Za ufa wa "mphamvu za abambo" umene mnzakoyo akuti amaoda kunja kuti muzisakaniza ndi gondolosi, ndikuuza mosabisa: usaukhudze. M'maiko ambiri oyeza akhala akupeza sildenafil, mankhwala a mu Viagra, atabisidwa mu zinthu zotere, ndipo mu za nyamakazi amapezamo ma steroid. Wogula amayamikira kuti chitsamba chagwira ntchito, osadziwa kuti wamwa mankhwala achizungu opanda mlingo. Akakhala kuti ali pa mankhwala ena a mtima, BP imatha kutsika mwadzidzidzi munthu n'kugwa.

Ndikufuna uganizirenso za amene adzagule. Si anthu athanzi ngati iwe. Ndi a shuga, a BP, amene ali pa ma ARV, anthu otopa ndi mzere wa kuchipatala amene akufunafuna chiyembekezo. Chitsamba cha St John's wort, chimene chimagulitsidwa poyera m'maiko a azungu, chinapezeka kuti chimachepetsa mphamvu ya ma ARV ena ndi mapiritsi olera m'magazi. Icho chinadziwika chifukwa chinayezedwa. Kusakaniza kwanuko palibe anakuyezapo ndi mankhwala alionse. Ndiponso ambiri a ife akunyanja tinadwalapo likodzo, limene limasiya mabala m'chikhodzodzo ndi m'njira ya impso, mtundu wina m'chiwindi. Ena ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B osadziwa. Chiwindi ndi impso sizidandaula msanga. Munthu amamwa miyezi akumva bwino, pofika poti maso achita chikasu kapena miyendo yatupa, zinthu zapita patali, ndipo sadzaganiza n'komwe za botolo lako.

Pa zaka zanga za unamwino ndinaona amayi oyembekezera akubwera atamwa mwanamphepo kuti matenda obereka ayambe msanga. Amene anawapatsa anali azakhali kapena agogo owakonda, opanda cholinga choipa. Koma kapu ya uyu si kapu ya uyo, muzu wa chilimwe si wa dzinja. Chiberekero chimakoka mopitirira muyeso, mwana n'kubanika, nthawi zina chiberekerocho n'kung'ambika. Nkhope za amayi amenewo sindinaziiwale. N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena kuti "supuni imodzi kapena ziwiri, zili kwa inu", thupi langa limazizira.

Ndiye tamvera. Yamba ndi chammwamba chokha, ndipo uchigulitse monga chakudya, poti ndiwo imeneyi takhala tikudya kuyambira kale. Pita ku Malawi Bureau of Standards ukafunse zimene amafuna pa ufa wotere, akakuyezere. Tsiku limene udzalembe pa botolo kuti "amachiza", udziwe kuti walowa m'bwalo la mankhwala, ndipo kumeneko mwini wake ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ofesi yawo ili ku Lilongwe komweko. Pita ndi miyendo yako ukafunse, usamvere za m'maluwa. Safunsa anadya phula. Chikalata chimene mnzako anakutumizira pa WhatsApp usachikhulupirire msanga. Funsa labotale imene inayeza, tsiku lake, ndi ngati inayeza thumba lomwelo limene akukugulitsa. Pepala la thumba la chaka chatha silinena kanthu za thumba la lero.

Pa botolo lililonse palembedwe dzina la chomera, tsiku lopera, nambala ya gulu limene linaperedwa pamodzi, ndi foni yako. Pa gulu lililonse uzisungako pang'ono, kuti wina akadandaula pakhale choti n'kukayeza. Ndipo pakamwa pako pasadzatuluke mawu ouza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Wogula akakufunsa za shuga kapena BP, umuuze akaonetse botololo kwa dokotala wake.

Ndikudziwa kuti kuyezetsa kumadya ndalama ndipo mpamba wako ndi wochepa. Tikagawana za banki m'khonde mu Disembala ndidzakuthandiza mbali ina, bola ukandiuze mtengo umene akuuze. Chammwamba ndiyamba kuthyola sabata yamawa. Ndizichitsuka ndi madzi a pa mpope n'kuyanika pa thandala pamthunzi, chikauma ndidzakuimbira. Nimu ndi makungwa aja sinditumiza.

Undipsompsonere adzukulu anga.

Ndine mayi ako