Buku la apolisi a ku Ankh-Morpork, uliwerenge basi

Aise,

Zikuyenda bwanji kumeneko? Ine ndangomaliza Feet of Clay, buku la Terry Pratchett la 1996, ndipo munthu woti ndicheze naye za bukuli ndi iweyo basi. Paja umati nkhani zamatsenga zimakubowa poti wolemba akapanikizika amangotulutsa mfiti n'kuthetsa zonse, ndiye ili uliyese kaye, muno chinyengo chimenecho mulibe.

Mzinda wa Ankh-Morpork uli pa dziko lafulati lotchedwa Discworld, losenzedwa ndi njovu 4 zomwe zaima pamsana pa chikamba chachikulu, zoseketsa mbwee, koma mlandu wake ndi weniweni. Madala awiri aphedwa, wina wansembe wina woyang'anira miziyamu ya buledi, kwinaku Vetinari wolamulira mzindawo akudwalitsidwa pang'onopang'ono ndi poizoni wa arsenic ndipo palibe akudziwa kuti ukulowa bwanji m'thupi mwake. Sam Vimes, bwana wa apolisi, amafufuza ndi miyendo yake, kufunsa anthu, kusokera, kubwereranso. Komwe anabisa poizoniyo sindikuuza, ungandide.

Koma chandigwira mtima ndi ma golem aise. Ndi zimunthu zowumba ndi dongo n'kuziwotcha ngati mbiya, m'mutu amaziikamo kapepala ka mawu ndiye zimangogwira ntchito usiku ndi usana osalankhula osalipidwa, eni ake amaziwerengera pamodzi ndi zipangizo. Zinapangana mobisa kuwumba mfumu yawoyawo ndi dongo lochotsa m'matupi mwawo, n'kuthira m'mutu mwake zokhumba zawo zonse zoti iwawombole, mawu anachulukitsa mpaka mfumuyo inapenga. Apa kuseka kunandithera. Kenako wapolisi Carrot amagula Dorfl, golem wa kophera nyama, ndi dola imodzi n'kumuika lisiti m'mutu kuti mwini wake akhale iye yemweyo, ndipo zimene Dorfl amachita ndi ufulu umenewo ndi zomwe ndikufuna tidzakanganepo.

Zoti wapolisi Nobby ndi wa kubanja lachifumu zinanditalikira pang'ono, ndinkangofuna tibwerere ku mlandu.

Mabuku a Discworld alipo 41, Pratchett anamwalira mu 2015, koma usaope kuchulukako, ili limamveka palokha. Ukafuna kudziwa kumene Vimes anachokera yamba ndi Guards! Guards! la 1989. Ukawerenga undiuze ngati unatulukira za poizoniyo Vimes asanatulukire, usaname.

Ndine mnzako uja.