Lipoti la msonkhano wa ojambula makatuni: zithunzi za Ajapani otsekeredwa ku America

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma ku msonkhano wa ojambula uja. Nkhani zinali zambiri masiku awiri onsewo, za malonda a zithunzi ndi za umwini wa ntchito zathu, ndipo mapepala ake ndapereka kale kwa alembi. Pano ndikufuna ndikhazikike pa gawo limodzi lomwe landisowetsa tulo chibwerereni.

Linali la zithunzi zonyogodola za nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Japan itaphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali apamadzi a America ku Hawaii, pa 7 Disembala 1941, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt adasayina lamulo nambala 9066 pa 19 Febuluwale 1942. Anthu pafupifupi 120,000 amtundu wa Chijapani adachotsedwa m'nyumba zawo kugombe la kumadzulo n'kukatsekeredwa m'makampu khumi ozingidwa ndi waya waminga, popanda kuzengedwa mlandu. Awiri mwa atatu aliwonse anali nzika za America, obadwira komweko. Makolo awo obadwira ku Japan lamulo linkawakaniza unzika mpaka 1952.

Katuni yoyamba yomwe adationetsa idatuluka m'nyuzipepala ya PM ku New York pa 13 Febuluwale 1942, kutatsala masiku 6 okha kuti lamulo lija lisayinidwe. Pali mzere wautali wa amuna, kuchokera kuchigawo cha Washington kudutsa Oregon mpaka California, aliyense akulandira phukusi la TNT, onga wophulitsira zinthu, pakanyumba. Wina ali padenga, akusuzumira kutsidya la nyanja kudikira chizindikiro chochokera ku Japan. Ndidayandikira kuti ndione nkhope zawo. Nkhope ndi imodzi: maso timizere, kamwetulidwe kamodzimodzi, munthu mmodzi wojambulidwa kambirimbiri. Woijambula ndi Theodor Geisel, yemwe ambiri amamudziwa kuti Dr. Seuss wa mabuku a ana.

Apa m'pomwe m'chipindamo mudabuka mkangano. Ena ankati tisamuweruze, popeza munthu yemweyo adajambula makatuni ambiri odzudzula Hitler, tsankho lochitira Ayuda ndi lochitira anthu akuda. Zimenezo n'zoona. Koma ine ndikuona kuti n'zomwe zikuopsa kwambiri. Sanali munthu wosadziwa tsankho. Adaliona bwinobwino pa ena, pa Ajapani adalijambula yekha ndi dzanja lake.

Kenaka adationetsa ntchito ya Miné Okubo, mtsikana wobadwira ku California yemwe adatsekeredwa ndi mchimwene wake ku Tanforan, bwalo la mpikisano wa mahachi, asanawasamutsire ku Topaz m'chipululu cha Utah. Makamera anali oletsedwa, ndiye iye adagwira cholembera. Buku lake, Citizen 13660, lidatuluka mu 1946, ndipo nambalayo ndi yomwe boma lidapatsa banja lake m'malo mwa dzina. Ankagona m'khola la mahachi lomwe adangolipaka njereza mwachangu, udzu ndi ubweya wa mahachi n'kumatirira kukhoma. Amajambula mizere yodikira chakudya, zimbudzi zopanda zitseko, anthu akufutukula matumba a udzu woti agonepo. Pafupifupi pachithunzi chilichonse iye mwini alipo, penapake pakona, akuyang'anitsitsa. Kuseka kwake n'kwachete, koma munthu aliyense ali ndi nkhope yakeyake: agogo otopa, mwana wolira, mayi wokwiya.

Wachitatu anali Roger Shimomura, wobadwa mu 1939 ku Seattle, yemwe adalowa m'kampu ya Minidoka ku Idaho ali kamwana. Uyu salankhula monong'ona. Amatenga nkhope zonyoza zija, mano otuluka ndi khungu lachikasu, n'kuzijambula zikuluzikulu mumitundu yowala ya makomiki, nthawi zina iyeyo akumenyana nazo. Pa chithunzi china adadziika m'malo mwa George Washington, pulezidenti woyamba wa America, m'bwato la pachithunzi chotchuka chomuonetsa akuwoloka mtsinje wa Delaware, opalasa ali asamurai, ankhondo akale a ku Japan. Tidaseka, kenaka m'chipindamo mudati zii.

Boma la America lidapepesa mu 1988, Pulezidenti Ronald Reagan atasayina lamulo lopereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali moyo. Okalamba ambiri anali atamwalira kale.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Nditafika kunyumba ndidatsegula kabuku kanga ka zojambula, ndipo ndidapeza kuti nanenso pali mitundu ya anthu yomwe ndimaijambula ndi nkhope imodzi, wamalonda wachimwenye, mlendo wa ku China, chifukwa owerenga amazindikira msanga n'kuseka. Ndidachita manyazi. Ndikupempha kuti pa mkumano wathu wotsatira aliyense abwere ndi makatuni ake asanu, tiwayale patebulo, tione pamodzi amene tikumuseka pa chilichonse: wolakwa mmodzi kapena mtundu wonse. Ngati akomiti avomereza, zithunzi za anthu atatuwa ndizibweretsa zosindikiza, ndipo ndifunika ola limodzi pandandanda wa tsikulo.