Lipoti la ulendo wa kumsonkhano wa osewera m'mafilimu oopsa ndi mafilimu odzipangira

A Wapampando, a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu,

Ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a galimoto, malo ogona ndi ndalama yolembetsera ali kale m'manja mwa a Msungichuma, wofuna kuwaona akawaone. Ndamva kuti ndili kumeneko ena ankati alawansi yanga bola ikanagula maikolofoni. Funsolo si loipa, koma malo ake anali tsiku lija tinavota, osati kuseri.

Kunali osewera, otsogolera mafilimu, opanga mafilimu a ndalama zochepa ndiponso akatswiri opaka anthu mabala ndi magazi abodza. Mwambo wotsegulira unali moni ndi kuthokozana basi. Za inshuwalansi ndi za kalembedwe ka mafomu opempha thandizo ndabweretsa mapepala ake, a Mlembi awasunge.

Mfundo imene aliyense ankabwererapo ndi yakuti filimu yoopsa ndiyo imalandira msanga wosewera wosadziwika. Anthu amalipira kuti akachite mantha, sakalipirira nkhope yotchuka. Nthawi zina wotsogolera amachita kufuna nkhope zachilendo, kuti woonera asadziwiretu amene afe ndi amene apulumuke. Jamie Lee Curtis anayambira mu Halloween ya 1978, filimu ya madola pafupifupi 300,000, iyeyo n'kulandirapo 8,000 okha, koma mu 2023 anapata mphoto ya Oscar. Johnny Depp naye filimu yake yoyamba inali yoopsa, mu 1984. Ndiye amene mumati mafilimu amenewa ndi a anthu olephera, nkhaniyo tiisiye.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la kasewero ka mantha pamaso pa kamera. Anatiphunzitsa mayi wina amene wakhala zaka zambiri akusankha osewera. Anatiimika mmodzimmodzi, kamera ili pafupi ndi nkhope, n'kutiuza kuti kuseri kwa chitseko kuli chinthu. Pafupifupi tonse tinachita zimene tinazolowera pasiteji: kutuzula maso, kugwira mutu, kukuwa. Atationetsa zimene anajambula, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaopsa. Mayiwo anafotokoza kuti munthu wogwidwa ndi mantha enieni amayamba ndi kuuma thupi, mpweya umafupika, pakamwa pamauma, ndipo amayesetsa kuti asamveke. Kukuwa kumabwera pomaliza, kudzigwira kukalephereka. Pasiteji timakulitsa zonse kuti wakumbuyo aone, koma kamera imaona ngakhale kumeza malovu.

Kenako anatiphunzitsa kukuwa kumene. Filimu imajambulidwa mobwerezabwereza, mbali iyi, mbali iyo, mwina usiku wonse. Wokuwira pakhosi mawu amamuthera ntchito isanafike pakati. Mpweya uzichokera m'mimba, khosi lomasuka, ndipo ngati kamera ili kumbuyo kwako ufunse ngati akufunadi mawu onse pa ulendo umenewo. Chinanso chovuta n'chakuti zigawo sizijambulidwa motsatana. Lero mujambula pomaliza pamene watheratu ndi mantha, mawa poyambira pamene ukungokayikira. Wosewera azilemba pa sikiripiti yake mlingo wa mantha pa gawo lililonse, apo ayi filimu ikalumikizidwa amaoneka ngati anthu awiri. Nthawi zambiri chilombocho palibe n'komwe, ukuyang'ana kachizindikiro pakhoma, chilombo adzachiika pakompyuta pambuyo pake. Anatchulanso Doug Jones, amene anaphunzira kusewera ndi thupi lokha popanda mawu, ndipo wadya moyo wake wonse atabisika m'zovala za zilombo, monga mu The Shape of Water ya 2017. Pagulu pathu tili ndi anthu ovina bwino amene sitiwapatsa mbali chifukwa amachita chibwibwi pa mawu. Amenewa tikuwataya dala. Phunziro limeneli ndine wokonzeka kulibwereza kwa nonse, tingopeza foni yojambula bwino ndi chipinda chabata.

Za kupeza ntchito zinali zachidule: masiku ano mayeso ambiri osankhira osewera umadzijambula wekha pafoni, khoma lopanda zithunzi kumbuyo, kuwala kuchokera kutsogolo, mnzako akukuwerengera mawu a winayo. Ndipo amafuna showreel, kavidiyo ka mphindi ziwiri kapena zitatu ka zigawo zako zabwino.

Apa ndiye pali nkhani yathu ija. Showreel tiipanga ndi chiyani? Filimu imene tinajambula chaka chatha, tikugona m'nyumba yosiyidwa ija, mpaka lero palibe amene waona ngakhale gawo lake limodzi. Amene akusunga hard drive, kachipangizo komwe muli zonse zimene tinajambula, ndi membala mnzathu, ndipo tikafunsa yankho limakhala lakuti akukonzabe. Sitinalipidwe, tinavomera. Koma malipiro a munthu wosewera ulere ndi zithunzi zakezo. Ine kumeneko anandifunsa showreel anthu awiri amene akukonza mafilimu, ndinalibe chowapatsa. A komiti, nkhaniyi mwaikhalira chete mokwanira.

Gawo la ndalama linali lotentha. Chitsanzo chachikulu chinali The Blair Witch Project ya 1999. Osewera atatu, Heather Donahue, Joshua Leonard ndi Michael Williams, anakhala masiku 8 m'nkhalango ku Maryland, akugwira okha makamera, akupeka okha mawu ambiri, akugwiritsa ntchito mayina awo enieni. Filimuyo inapeza pafupifupi madola 250 miliyoni. Koma mu 2024 atatuwo analemba kalata yapoyera ku kampani ya Lionsgate, mwini wa filimuyo, kupempha kuti azilandirako gawo la phindu. Zaka 25 zitadutsa akupemphabe. Osewera awiri a Paranormal Activity, filimu imene inajambulidwa ndi madola 15,000 n'kupeza oposa 190 miliyoni, poyamba analandira madola 500 aliyense. Khomo n'lotsegukadi, koma phindu limatsata pepala losainidwa.

Msonkhano unagwirizana kuti wosewera asayambe ntchito popanda kontirakiti yolembedwa, ngakhale filimuyo ikhale ya mnzake wapamtima. Kuti kontirakitiyo inene dzina lake lidzalembedwa bwanji, ndi tsiku limene adzalandire zigawo zake. Ndiponso kuti nkhope ndi mawu ake zisagwiritsidwe ntchito ndi makina a AI, makompyuta otengera nzeru za munthu, popanda chilolezo. Mfundo yomalizayi ndi imodzi mwa zimene osewera a bungwe la SAG-AFTRA ku America ananyanyalira ntchito masiku 118 mu 2023. Zonsezi ndinavomera m'dzina lanu.

Imene sindinavomere ndi yakuti malipiro onse akhoza kudikira mpaka filimu itagulitsidwa. Ambiri anakweza manja, makamaka opanga mafilimu, ine sindinakweze. Mafilimu ambiri odzipangira sabweza ndalama zake, ndipo akabweza, wogulitsa amayamba wachotsa zake, wopanga achotsa zake, wosewera n'kupeza phindu la papepala latha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Maganizo anga ndi akuti gulu lathu lisamatumize munthu ngati mayendedwe ndi kenakake ka tsiku lomwelo palibe, ndipo gawo la phindu liziwerengedwa pa ndalama zonse zolowa, zisanachotsedwe zina. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumapanganso mafilimu ndipo muti ndikukuphani. Sindikukuphani. Ngati ndalama yobwerekera kamera imapezeka, ya munthu woima kutsogolo kwa kamerayo ipezekenso.

Za chitetezo anakumbutsa imfa ya wosewera Brandon Lee mu 1993 ndi ya wojambula Halyna Hutchins mu 2021, onse ophedwa ndi mfuti pamalo ojambulira. Lamulo lake n'losavuta: chida chenicheni chisafike pafupi ndi thupi la munthu, ndewu iyesereredwe pang'onopang'ono isanajambulidwe, ndipo gawo lovula kapena logwiririra likambidwe ndi kulembedwa tsiku lisanafike, osati kumuuza mtsikana usiku anthu onse akumuyang'ana. Ife usiku uja tinathamangitsana mumdima ndi mpeni wakuthwa chifukwa wabodza unaiwalika, ndipo mlongo wathu wina anatsala wopanda galimoto yomubweza kwawo ntchito itatha mbandakucha. Palibe amene anapepesa.

Kwa amene mwandiuza kuti chikumbumtima chanu sichikulolani kusewera m'mafilimu a mizimu ndi magazi, ndikulemekeza zimenezo, ndipo pasakhale wokukakamizani. Mafilimu odzipangira si oopsa okha. Koma nanunso musamatchule anzanu mayina oipa chifukwa avomera mbali ya chiwanda. Kusewera wakupha sikupha.

A Wapampando, ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tikambirane kontirakiti yachitsanzo imene ndabwera nayo, tisankhe munthu mmodzi woyang'anira chitetezo nthawi iliyonse yojambula, ndipo tiike tsiku la phunziro lija. Koma nkhani ya hard drive ikhale yoyamba pa ajenda, ndipo mwini wake auzidwe msanga kuti abwere nayo.

Ndine nthumwi yanu.