Kalata kwa mwana wanga amene akuphunzira za maiko a Kum'mawa

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, ndipo tikukhulupirira kuti nawenso uli bwino ku London. Mayi ako andiuza kuti wasankha kuchita kafukufuku wa mbiri ya maiko a Kum'mawa. Ndakondwera, koma popeza mabuku ambiri amene uziwerenga analembedwa ndi Azungu pa nthawi imene maboma awo ankalamulira maikowo, ndati ndikulangizeko.

Uyambe ndi William Jones, woweruza milandu wa ku Britain amene anakhazikitsa bungwe la Asiatic Society ku Calcutta, ku India, mu 1784. Analidi munthu wanzeru, ndipo mu 1786 anafotokoza kuti Chisanskrit (chinenero chakale cha ku India), Chigiriki ndi Chilatini zinachokera ku gwero limodzi. Komatu chimene chinamuchititsa kuphunzira Chisanskrit chinali ntchito ya kukhoti, chifukwa sankawakhulupirira akatswiri achihindu amene ankatanthauzira malamulo pa milandu, ndipo ankafuna kuti Angerezi aziwerenga okha. Malamulo akale amene anamasuliridwa motero, atsamunda anawatenga ngati lamulo la Ahindu onse, chikhalirecho anthu ankaweruzana potsata miyambo yosiyanasiyana ya m'madera awo.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya Christiaan Snouck Hurgronje wa ku Netherlands, amene anakhalako ku Mecca mu 1885 ndipo ankadziwa Chiarabu ndi Chisilamu mozama. Adatchi, anthu a dziko lake, atalephera kugonjetsa Asilamu a ku Aceh, pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, pa nkhondo imene inayamba mu 1873, iye anapita kumeneko mu 1891, nacheza ndi anthu mpaka kumvetsa mmene ankakhalira. Kenaka analangiza boma lake kuti asilikali alimbane kolimba ndi atsogoleri achipembedzo, amene anali msana wa nkhondoyo, koma anyengerere mafumu. Malangizowo anatsatidwa, ndipo anthu ambirimbiri anaphedwa. Zimene analemba zinali zolondola pa zambiri, ndipo kulondolako ndi kumene kunathandiza mfuti.

Aphunzitsi ako adzakuuza za Edward Said, katswiri wochokera ku Palestine, amene mu 1978 anadzudzula maphunziro amenewa ponena kuti anajambula anthu a Kum'mawa ngati osasintha, osatha kudzilankhulira, oyenera kulamulidwa. Umuwerenge mofatsa, koma usafulumire kutaya zonse zimene Azungu analemba. Ajeremani anali ndi akatswiri ambiri a Chisanskrit ngakhale sanalamulire India, ndipo madikishonale ena a nthawi imeneyo akugwirabe ntchito lero.

Chimene ndikukupempha n'chakuti buku lililonse uzilifunsa kuti analipira ntchitoyo ndani, ankalembera ndani, ndipo eni dziko amene anaphunzitsa wolembayo ali pati, popeza ambiri mayina awo sanalembedwe n'komwe. Mafunso amenewa si achilendo kwa iwe: ma DC a ku Nyasaland ankalemba za mitundu, mafumu ndi miyambo yathu, ndipo anali omwewo otolera msonkho wa nyumba.

Koposa zonse, uphunzire chinenero cha anthu amene ukulemba za iwo, kaya ndi Chiarabu, Chihindi kapena Chiperisiya, kuti uziwerenga zimene iwo eni analemba, ndiponso kuti ukamaliza ukawaonetse ntchito yako aiweruze. Undilembere chinenero chimene wasankha ndi dziko limene ukachitire kafukufukuyo, kuti ine ndi mayi ako tiyambe kukonzekera za ulendo wako.

Ndine bambo ako okukonda.