Kalata kwa mpingo: za gudumu la roulette lija timaliona m'mafilimu

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye, moni nonse.

Ndati ndikulembereniko pa nkhani imene achinyamata ena akhala akundifunsa, ya roulette, juga ija ya gudumu lozungulira ndi kampira koyera. Funso lawo ndi la 666. Eya, ndi zoona, mukaphatikiza manambala onse a pagudumupo kuyambira 1 mpaka 36 mupeza 666, ndipo pali nthano yakale yoti François Blanc, amene ankayendetsa kasino (nyumba ya juga) ya ku Monte Carlo, m'dziko la Monaco, kuyambira 1863, anachita pangano ndi satana kuti adziwe zinsinsi za gudumulo. Imeneyo ndi nthano chabe abale. Ine nambala imene imandiopsa pagudumupo ndi ziro. Gudumu la ku Ulaya lili ndi malo 37, manambala 36 aja kuphatikizapo ziro, koma ukabetcha nambala imodzi nkuwina amakulipira ka 35 kokha, ndiye pa ndalama zonse zobetchedwa mwini kasino amatsala ndi pafupifupi 2.7 peresenti, la ku America lili ndi maziro awiri ndipo amadya kupitirira 5 peresenti. Palibe ufiti apa, ndi masamu basi, ndipo masamuwo sali mbali yanu.

Nanga nchifukwa chani juga imeneyi imaoneka yokongola chonchi m'maso mwathu? Mafilimu ndi nyimbo. Amationetsa amuna atatchena masuti, magetsi ali ngwee, kampira kakudumphadumpha aliyense wagwira mpweya, kenako chimwemwe, basi kamera yachoka. Mawa lake la munthu uja sationetsa.

Taonani filimu yakale ija ya Casablanca ya 1942. Muli mnyamata wa ku Bulgaria ndi mkazi wake, akuthawa nkhondo, akufuna ndalama yogulira mapepala otulukira, mnyamatayo akuluza pa roulette mpaka mwini malo uja Rick amunong'oneza kuti ika pa 22, awina, ikanso pa 22 pomwepo, awinanso, kenako amuuza kuti tenga ndalama zako usadzabwerenso. Anthu amaikonda mbali imeneyi chifukwa ya chifundo chake, inenso imandikhudza, koma taganizani bwino, mnyamata uja sanawine ndi mwayi ayi, anawina chifukwa gudumulo linali lokonzedwa kale ndipo mwini wake analamula. Inu pa foni panu Rick wanu ndi ndani?

Kuli nyimbo ina inatchuka kwambiri ku England m'ma 1890, The Man Who Broke the Bank at Monte Carlo, yotamanda munthu amene anakolola ndalama za kasino. Munthuyo analikodi, Charles Wells, anawinadi zambiri mu 1891. Zimene nyimboyo sinena nzoti anali kathyali wobera anthu powanamiza za mabizinesi, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 8, ndipo anamwalira mu 1922 ali mmphawi.

Amene ananena chilungamo ndi aja anapsa nawo okha. Fyodor Dostoevsky, mlembi wamkulu wa ku Russia, roulette inamugwira zoopsa m'matauni a ku Germany ngati Wiesbaden ndi Baden-Baden. Buku lake lija The Gambler analilemba mu 1866 ngongole zitamufika m'khosi, pasanathe mwezi, iye akulankhula mtsikana wina Anna Snitkina akulemba, ndipo mtsikanayo ndi amene anadzakhala mkazi wake. M'bukumo muli gogo wina wolemera amene achibale akungodikira kuti afe agawane chuma, gogoyo atulukira ali moyo ndithu pa njinga ya olumala, ayesako roulette, awina pa ziro, kenako abwereranso nkuluza chuma chankhaninkhani. Chomvetsa chisoni nchoti Dostoevsky yemweyo, atalemba kale zonsezi, chaka chotsatira ku Baden-Baden ankapinyolitsa ndolo ndi zovala za mkazi wake kuti akatchovenso. Kudziwa ankadziwa, kuposa ine ndi inu, koma anadzasiya mpaka 1871. Ndiye wina akamati abusa ine ndikudziwa polekezera, ndimakumbukira munthu ameneyu.

Edvard Munch, katswiri wopenta zithunzi wa ku Norway, nayenso anajambula tebulo la roulette la ku Monte Carlo mu 1892, anthu ataunjikana maso onse pa tebulo, palibe akuyang'ana mnzake.

Sindikuti kuonera filimu ndi tchimo ayi, onerani, koma muzifunsa kuti kodi amene analuza ali kuti, poti ndalama imene wowinayo akusekerera inachoka m'thumba la wina. Werengani 1 Timoteo 6:9-10 ndi Miyambo 13:11 m'mabanja mwanu sabata ino, mukambirane ndi ana omwe chifukwa gudumuli pano lili pa intaneti, silifuna suti kapena ulendo wa ku Monte Carlo.

Ndipo ngati pali wina zamugwira kale, ali ndi ngongole akubisira mkazi kapena mwamuna wake, bwerani tionane panokha kapena uzani mkulu wa mpingo amene mumamudalira, sitikakutchulani pa guwa, tikhala pansi tiwerengetsere ngongolezo limodzi ndi kupemphera.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.