Usanaimbe K. 488 ndi okestra

Mwana wanga wokondedwa,

Ndamva kuti wasankha concerto ya piyano ya Mozart ya nambala 23, ya mu A major, yodziwikanso ndi nambala ya K. 488, nyimbo ya magawo atatu yoimba piyano pamodzi ndi okestra (gulu la oimba zida zosiyanasiyana). Wasankha bwino, koma manotsi ake ndi ochepa, ndiye cholakwa chilichonse chimamveka poyera.

Mozart anaimaliza pa 2 Malichi 1786 ku Vienna, pa nthawi imene ankalembanso sewero lake la nyimbo la Le nozze di Figaro. Piyano yake, yopangidwa ndi Anton Walter, inali ndi makiyi 61, nyundo zokutidwa ndi chikopa, ndipo mawu ake ankazirala msanga. Yako ili ndi makiyi 88 ndi chitsulo mkati, mawu amakhalitsa. Vuto lonse lagona pamenepa. Ukapondereza pedal pamene dzanja lamanja likuthamanga, manotsi amasanduka phala. Kweza phazi pa malo oterowo, ndipo kwina konse uzisintha pedal nthawi iliyonse imene chord (manotsi olira pamodzi) yasintha. Dzanja lamanzere lizikhala lopepuka kuposa lamanja.

Uwerengenso zimene anzako akuimba, osati mzere wako wokha. Okestra yake ndi yaing'ono: chitoliro chimodzi, ma clarinet awiri, ma bassoon awiri, ma horn awiri ndi zida za zingwe. Mulibe oboe, malipenga kapena ng'oma. Nyimbo ikapita kwa oliza clarinet, iwe tsika, uwaperekeze. Oimba piyano ambiri amalephera apa, poganiza kuti anthu abwera kudzamvera iwo okha.

Gawo lachiwiri, Adagio ya mu F-sharp minor, ndilo lofuna nthawi yako yambiri. Umayamba wekha. Lalembedwa mu 6/8, choncho mumtima uziwerenga kawiri pa bar (kachigawo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira), osati kasanu n'kamodzi. Ukachedwetsa kwambiri pofuna kuti limveke lachisoni, notsi imazima inzake isanafike ndipo mzere umaduka. Chakumapeto zingwe zimadodoledwa ndi zala, iwe n'kutsala ndi manotsi otalikirana okhaokha. Oimba a nthawi ya Mozart ankakometsera malo otere. Ukafuna kutero, lemba zokometserazo papepala, uziyeserere, ndipo zikhale zochepa. Kwa ine, kusiya monga analembera n'kwabwino kuposa kudzaza zala popanda chifukwa.

Za cadenza ya gawo loyamba, pamene okestra imakhala chete iwe n'kuimba wekha chakumapeto, usavutike nazo: Mozart analemba yake m'buku momwemo, imba yomweyo. Pa trill (kusinthanitsa msanga manotsi awiri oyandikana) yomalizira cadenzayo dzutsa mutu, umuyang'ane wotsogolera okestra kuti alowetse anthu ake pamodzi.

Gawo lomaliza, Allegro assai, umaliyambanso wekha, kutanthauza kuti liwiro umalikhazikitsa ndiwe. Mantha amathamangitsa zala. Peza malo ovuta kwambiri m'gawoli, uone liwiro limene ungawaimbire bwinobwino, uliike pa metronome (kachipangizo kogunda nthawi), ndipo uyambire pomwepo. Kumbukira kuti woliza bassoon ali ndi mizere yothamanga imene ayenera kuiimba pa liwiro lomwe iwe wasankha. Pa kuyeserera koyamba umufunse ngati akukwanitsa.

Undiuze msanga tsiku limene udzaimbe ndi okestra.

Ndine,
Mayi ako